Kompyuta Yaulemu ya Telala wa ku Limbe

Panali munthu wina, telala, ndipo wosita zovala pa shopu yake ndinali ine. Musandiyang'ane choncho. Simbi yanga inkawongola ngakhale malata.

Telalayu anali ndi makompyuta awiri. Yaikulu inali ku Limbe, yosunga miyezo ya makasitomala. Inzake inali ku Zomba kwa osoka, ntchito yake kukopera chilichonse chimene yaikulu yalemba, kuti yaikuluyo ikadzafa, iyo idzalowe m'malo. Koma ya ku Zombayo inayamba kutsalira. Inatsalira, anthu inu, moti kasitomala wina, mkwati wandevu, inkamudziwa ngati mwana wa sitandade faifi.

Ukwati unali Loweruka. Lachitatu suti inafika kuchokera ku Zomba, thalauza lolekeza m'mawondo. Mkwati anati, "Bwana telala, ndiye kutchalitchi ndikalowe ndi kabudula?"

Telala anati vuto ndi waya, nagula watsopano. Ayi ndithu. Anati ndi netiweki, nakweza mlongoti woti ndege zinkachita kuulambalala. Ayi ndithu. Anatsala pang'ono kukaiponya mu mtsinje wa Likangala kompyuta ya ku Zombayo.

Ine, amene sukulu ndinangoionera pa windo la basi, ndinafunsa, "Bwana, uthenga wochokera ku kompyuta ya ku Limbe sukufika ku Zomba, kapena ukufika?"

Tinapita ku Zomba. Uthenga unali utafika wonse, utaunjikana ngati matumba a chimanga nthawi yokolola. Kompyuta inkalandira, koma osalemba.

Chinaigwira n'chiyani? Alamu ake a telala, a Chimpeni. Kalekale iwo anaiuza kuti iwawerengere mabatani onse amene shopu inasoka chiyambire. Isanamalize, ananyamuka kupita kumunda ku Ntcheu, funso lawo n'kulisiya lotsegula. Tsono mukudziwa, mlendo akadali pa mkeka, mwini nyumba sasesa. Kompyutayo inaleredwa bwino. Inati, alamu akuwerenga m'buku, ine ndilembemo bwanji? Inangokhala phee, kudikira.

Telala anakanda mutu. "Nanga alamu akadzamva kuti ndawatsekera funso lawo?"

Ndinati, "Bwana, alamu adzakwiya tsiku limodzi. Mkwati adzakwiya mpaka zidzukulu."

Anatseka funsolo ndi chala chimodzi. Kompyuta inameza mulu wonsewo ndi liwiro loti mphepo yake inandivula chipewa. Ndinakachitola ku Liwonde. Lachisanu suti inasokedwa pa muyezo wake. Loweruka mkwati anavina mpaka nsapato kutha, koma thalauza osang'ambika.

Tsono inu a makompyuta, kompyuta yokopera inzake ikatsalira, musathamangire kumenya wamthenga. Yambani mwafunsa ngati uthenga sunafike, kapena wafika koma wasowa polowera. Ukakhala kuti wafika, suzumirani m'nyumba. Mupeza wina amene anaiwala kutsanzika. Mumutsanzikire ndinu.