Mendulo ya Elube

Kalekale, m'munsi mwa phiri lina lomwe owotcha makala analimeta mpala, munkakhala amayi awiri, Elube ndi Felesiya. Nyumba yawo inali imodzi, mphasa imodzinso. Mudzi unkadziwa kuti ankakhala ngati banja, koma unkangowatchula kuti "a kunazale", poti ankafesa mitengo.

M'mawa wina Elube analawa tiyi nati, "Shuga wachepa, Fele."

"Zaka zonsezi umadandaula, koma m'kapu simutsala kanthu," anayankha Felesiya.

Elube anaseka, natenga khasu, nakwera phiri. Masana anthu anamupeza atatsamira mtengo wa mbawa womwe anabzala yekha. Sanadzukenso.

Chaka chisanathe, boma linalengeza kuti lampatsa Elube mendulo yaulemu ya dziko, chifukwa phiri linali litavalanso ndipo mtsinje unayambanso kuyenda. Mthenga anati, "Kulikulu amaveka mendulo munthu mmodzi yekha. Musankhe, ndipo akanene pagulu kuti malemu anali ndani wake."

Anthu atatu anakhala pakhonde kuti akambirane: amuna awiri ndi Felesiya.

Woyamba anali Lufeyo, mlongo wake wa Elube, mwinimbumba. Iye anati, "Malo a nazale ndinapereka ndine. Tsiku lomwe anthu anabwera ndi miyala kuti awiriwa asamuke, ndinaika mpando wanga pakhomo, n'kukhala mpaka manja awo anatopa. Magazi ndi anga."

Wachiwiri anali Kachingwe, mwamuna wakale wa Elube. "Alamu, kukhala pampando ndi ntchito? Elube atandiuza za mumtima mwake, ndinamumasula popanda mlandu. Chilimwe chilichonse ngolo yanga ndiyo inkatungira mbande madzi. Ndipo pa menduloyo alembapo Mayi Kachingwe. Dzina langa limenelo!"

"Dzina lokha, alamu. Mwiniwake anakuthawani," anatero Lufeyo.

"Anathawa mkonono, osati ine."

Onse anaseka, Felesiya yemwe. Kenaka amuna aja anatembenukira kwa iye. Onse awiri ankamuitana mlamu.

"Nanga inu, mlamu, simunena kanthu?"

Felesiya anati, "Ine ndinkatola njere, iye n'kumafesa. Akabaidwa ndi minga ndinkamuzula. Papepala lililonse dzina langa palibe. Koma akakandifunsa kuti anali ndani wanga, sindikanena kuti mnzanga wa kunazale. Ndikanena zoona. Kaya akandivekabe, kaya mendulo ikabwerera m'bokosi, sindikudziwa."

Lufeyo anayang'ana kuphiri. Kachingwe anavula chipewa, n'kuchivalanso. Pachingwe panali zitenje ziwiri zofanana, cha Felesiya ndi cha Elube, zonse zochapidwa m'mawa womwewo.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, tiuzeni. Wina anatchinjiriza nyumba, wina anamasula mkazi wake n'kumutungirabe madzi, wina anakhala naye mpaka kapu yomaliza. Apite ndani kulikulu: amene akabwere nayo mendulo mosakayika, kapena amene angaitaye ponena zoona?