Chimene Nantchengwa Amafuna M'madzi

Taikani miyala pansi, ana inu! Mbalame imeneyo sagenda. Taonani mmene yaimira m'madzimo, mutu uli pansi, phazi likuvundula matope. Mukuti ikusaka achule? Ee, achule imadya, nanga idye chiyani? Koma chimene ikufuna kwenikweni n'china. Bwerani mukhale pamchenga pano podikira kuti zovala ziume, ndikuuzeni.

Kalekale, mtsinje uno usanasinthe njira yake, Nantchengwa sadali mbalame ayi. Adali munthu ngati ine ndi inu, mkazi wamtali, woumba mbiya, wosakonda kuseka pagulu. Makolo ake adamwalira iye akadali mtsikana, n'kumusiyira mng'ono wake mmodzi, dzina lake Mwandida. Adamulera yekha. Wachitatu pagulu lawo adali msuweni wawo Dzoole, wotchera miono, munthu wamakani amene ukamuuza kuti kwacha ankayamba wasuzumira panja.

Kusewera bawo Nantchengwa ankadziwa, koma kudamutopetsa. Ankati, "Maenje omwewo, njere zomwezo, lero ndi mawa." Choncho adapeka masewera akeake. Madzi akaphwa m'chilimwe, ankapita pamchenga wa padooko n'kujambula dziko lonse lathunthu ndi kamtengo kamene ankakasomeka m'tsitsi kunkhongo. M'dzikomo mudali Phiri la Mchere limene linkasuntha munthu akaliloza ndi chala. Mudali nkhalango ya mitengo yamiseche, ndi mudzi wa anthu amichira amene sankapatsa mlendo madzi asanawaimbire nyimbo. Kumapeto kwenikweni kudali Mtsinje Wakuda, ndipo kutsidya kwake kudali Mudzi wa Makomo Asanu ndi Awiri, kumene padalibe amene adafikako. Dzinja likabwera madzi ankafafaniza zonsezo, koma dzikolo lidali m'mutu mwake. Chilimwe chotsatira ankalijambulanso osaphonya ngakhale kachitsime kamodzi.

Kaseweredwe kake kadali kotere. Aliyense adali ndi mwala wake, ndipo mwalawo ndiye udali munthu wake m'dzikomo. Nantchengwa, mwini mchenga, ankanena zimene munthuyo akuona, ndipo mwini mwala ankanena zimene achite. Ikakhala nkhani yoika moyo pachiswe, ankaponya makoko anayi a mtedza. Akagwa chagada onse, zayenda. Akasakanikirana, wapulumuka koma ndi bala. Koma akagwa chovundikira onse anayi, munthuyo wafa.

Mwala wa Mwandida udali woyera, wosalala, wokhala ndi kamzere kofiira pakati. Adautcha Nambewe, mlenje wamkazi wa mkondo wamphenzi. Nambewe adayenda m'dzikomo zilimwe zisanu ndi ziwiri osafa. Koma a Dzoole, mayo ine! Anthu awo ankangofa ngati nkhuku za chitopa. Wina adakankha ng'ona kuti aone ngati yagona. Wina adanyambita Phiri la Mchere.

Ndiye mikangano! Akazi opita kukatunga madzi ankatula mitsuko kuti amvetsere.

"Asuweni," Dzoole ankayamba, "ngati phirili ndi lamchere, mvula ikagwa silisungunuka bwanji?"

"Paphiripo mvula sigwa," Nantchengwa ankayankha.

"Nanga chitsime chili m'munsi mwakecho madzi chimawatenga kuti? Ndakugwirani!"

Nantchengwa ankatafuna kamtengo kake, kenako n'kunena kuti madziwo ndi misozi ya phirilo, limalira chifukwa anthu amaliloza. Mwandida ankaseka mpaka kugwa chagada pamchenga. Tsiku lina adakangana mpaka dzuwa kupendeka pa nkhani yakuti munthu wamchira akakhala pampando mchirawo amauika kuti. Nantchengwa ankaoneka ngati wakwiya, koma mumtima ankakondwa, pakuti funso lililonse linkakulitsa dziko lake.

Malamulo awiri okha ndi amene padalibe wowatsutsa. Makoko saponya kawiri. Ndipo mwala wa munthu wakufa mwini mchenga amauponya mumtsinje.

Tsono m'chilimwe chachisanu ndi chiwiri kudabwera mwamuna wochokera kutali, kuseri kwa mapiri, ulendo wa masiku khumi. Adafunsira Mwandida. Mwambo wake ndi wakuti mwamuna amange nyumba kwa mkazi, koma uyu adapempha chitengwa, kuti amutenge apite naye kwawo. Amalume awo adavomera, ndipo Mwandida naye adamukonda. Nantchengwa adamuumbira mbiya zitatu ndi mtsuko. Koma mumtima zidamuwawa, ana inu, zidamuwawa zedi.

Masiku amenewo Nambewe adali atafika pafupi ndi Mtsinje Wakuda. Nantchengwa ankalawira kudooko yekha kukamanga Mudzi wa Makomo Asanu ndi Awiri. Uwu sadaujambule pamchenga ayi. Adaumanga ndi tizitsotso, n'kumata ndi dothi lake la mbiya, n'kukongoletsa ndi zigoba za nkhono, nthenga za nkhanga ndi mikanda ya malemu amayi awo. Pakati adamanga kanyumba ka Nambewe. Atamaliza adavundikirapo dengu lalikulu, n'kutsindira ndi mwala kuti pasaoneke kanthu.

"Achemwali, pansi pa dengulo pali chiyani?" Mwandida ankafunsa tsiku ndi tsiku.

"Uwoloke kaye," ndiye lidali yankho.

Lidafika tsiku lotsiriza, loti mawa lake Mwandida anyamuka. Atatuwo adakhala pamchenga dzuwa lili paliwombo. Nantchengwa adatsitsa mawu n'kuyamba: "Nambewe waima pagombe. Madzi ndi akuda bii, bwato palibe. Kutsidyako akumva ng'oma. Achita chiyani?"

"Amangirira mkondo kumsana, asambira," adatero Mwandida.

"Ponya."

Mwandida adafumbata makoko aja, adawauzira mpweya monga ankachitira nthawi zonse, n'kuponya. Loyamba lidagwa chovundikira. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatunso. Lachinayi lidagubuduka, n'kuima chammbali kwa kanthawi, kenako vundikiru!

Onse anayi chovundikira, Nambewe wafa.

Kenako Mwandida adadumpha. "Tsamba lija! Achemwali, mwaiwala? Chaka chija Nambewe adawaimbira anthu amichira, adamupatsa tsamba loti akaliika kunsi kwa lilime madzi sangamumize. Lili m'thumba mwake, sadaligwiritsepo ntchito!"

"Zoona zimenezo!" Dzoole adaomba m'manja. "Ndidalipo ine. Ndidalipempha n'kundimana."

Nantchengwa sadaiwale tsambalo. Adalipeka yekha, ndipo adalipekera tsiku ngati limeneli. Mawu amodzi okha akadakwana: ee. Koma adayang'ana dengu lija, n'kuyang'ana mng'ono wake amene adali atamuluka kale tsitsi la paulendo, ndipo maganizo oipa adamulowa. Nambewe akalowa m'mudzimo, nkhani yatha. Munthu amene nkhani yake yatha abwereranji kumchenga? Koma Nambewe akafa, Mwandida akwiya, inde, koma chilimwe chikubwerachi adzabwera kudzatola mwala wina, n'kuyambiranso ku Phiri la Mchere. Zikhala zaka zina zisanu ndi ziwiri ali naye.

"Tsamba lija lidauma," adatero.

"Lidauma liti?" Dzoole adakuwa. "Asuweni, musatipusitse! Ndi liti mudatiuza kuti masamba a anthu amichira amauma?"

"Tsamba lililonse limauma. Papita zaka zinayi."

"M'dziko loti phiri limalira misozi, tsamba lokha ndiye litsate za kuno? Dzikoli mudalipanga ndinu. Nenani kuti ndi laliwisi, likhala laliwisi!"

"Anthu ako atafa ndidakuchitira chifundo? Ndikapinda lamulo lero, ndiye kuti zonse tidasewera zaka zonsezi ndi bodza."

"Anga aja adafa ndi uchitsiru wanga, sindidandaula. Uyu ali ndi tsamba! Mwanayu akupita mawa, kodi mtima wanu ndi mwala?"

Mwandida sadakweze mawu. Adati, "Achemwali, sindikupempha kuponyanso. Mwanena kuti lidauma, lidauma. Ingovundukulani dengulo ndione, ndipite nditaona."

Nantchengwa adagwira dengu lija. Akadavundukula. Koma munthu akayamba bodza amalimangira mpanda. Adati, "Mudzi umenewu amauona ndi amene wawoloka. Ukadzabwera chilimwe chamawa udzatola mwala wina."

"Ndiye ndipatseni Nambewe wanga ndipite naye."

"Lamulo ukulidziwa."

Adatola mwala woyera uja, udali wofunda ndi dzuwa, adaimirira n'kuuponya. Udagwera pakati pa mtsinje, chubwi!

Mwandida sadalire. Adayang'ana pamene padagwera mwalawo mpaka madzi adakhazikika, adasasa mchenga pansalu yake, n'kumapita kunyumba. Mmawa mwake adagwada pakhomo monga mwa ulemu, n'kunena kuti, "Tsalani bwino, achemwali." Adasenza mtsuko wake, n'kutsata mwamuna wake osacheuka.

Dzinja lidabwera, madzi adakokolola dengu ndi mudzi womwe. Nantchengwa sadade nkhawa. Madzi ataphwa adajambulanso dziko lonse, adamanganso mudzi, n'kusonkhanitsa miyala khumi yokongola kuti mng'ono wake adzasankhepo. Tsiku lililonse ankakhala padooko maso ali kunjira ya kumapiri. Akaona mkazi wosenza katundu ankamuthamangira, koma mkaziyo ankakhala wogulitsa mchere kapena mlendo wa eni ake. Chilimwe chidatha. Chachiwiri chidathanso. M'chachitatu anthu apaulendo adanena kuti kuseri kwa mapiri kudagwa njala, ndipo mudzi wonse wa mwamuna uja udasamuka. Kumene udalowera padalibe wodziwa.

Pamenepo m'pamene Nantchengwa adamuuza Dzoole zoona. "Tsamba lija silidaume," adatero. "Ndidanama. Ndinkafuna kuti adzabwerenso."

Dzoole, wamakani uja, ulendo uno sadatsutse. Adangoti, "Ndidadziwa, asuweni. Nayenso adadziwa. Madzi akatayika saoleka."

Koma Nantchengwa sadavomere. Adati chibale ndi fupa, sichiwola, Mwandida adzabwera basi. Ndipo akadzabwera asadzapeze miyala yachilendo, adzapeze Nambewe wake atakhala m'kanyumba kake. Adakwinya nsalu n'kulowa m'madzi. Adayamba pamene padagwera mwala paja, kuvundula matope ndi phazi, kuyang'ana, kusuntha pang'ono, kuvundulanso. Miyala yoyera adatola yambirimbiri, koma ya kamzere kofiira padalibe.

Kenako adaganiza kuti, nanga akadzabwera m'dzinja, madzi atakokolola mudzi? Choncho adausamutsira pamphanda ya mkuyu, pamene madzi safika. Adatuta tizitsotso miyandamiyanda, adamata ndi dothi, n'kusiya khomo laling'ono mmunsi. Pamwamba adaikapo chilichonse chokongola chimene adatola: zigoba, nthenga, tinsanza. Atamaliza adaganizanso kuti, nanga akadzawolokera dooko lina? Adapita kumtunda n'kumanga wina. Adapita kumunsi n'kumanganso wina. Mbiya adasiya kuumba, kumunda adasiya kupita. Dzoole ankamusiyira nsomba pagombe mpaka Dzooleyo adakalamba n'kumwalira.

Zaka zidapita. Miyendo ya Nantchengwa idaonda ndi kuima m'madzi. Thupi lake lidatenga mtundu wa matope. Chifukwa manja ankakhala otanganidwa ndi kukwera mitengo, tizitsotso adayamba kunyamula pakamwa, ndipo pakamwapo padatalika. Kamtengo kojambulira kaja kadakanirira kunkhongo. Tsiku lina akazi atapita kudooko adapeza nsalu yake pamchenga, ndipo m'madzi mudaima mbalame yofiirira imene sadaionepo, ikuvundula matope ndi phazi.

Ndi chifukwa chake lero nantchengwa, kambalame kosaposa nkhuku, amamanga chisa chachikulu choti munthu wamkulu angaimepo osagwa. Si chisa chimenecho, ndi mudzi. Amamanga pano, mawa amanga pena, chifukwa sadziwa dooko limene mng'ono wake adzawolokere. Akadzidzi ndi njuchi akamulanda, iye sakangana nawo, za mikangano adathana nazo kalekale. Amangokayamba china. Ndi chifukwa chakenso kunkhongo kwake kuli kansonga kaja, ndipo tsiku lonse amaima m'madzi mutu uli pansi.

Ndiye inu ndi miyala yanuyo, tayang'anani m'manja mwanu. Wina akadzapeza woyera, wosalala, wa kamzere kofiira pakati, asadzagendere mbalame. Adzauike pamchenga poonekera, achokepo. Nantchengwa adzautola, adzakauika m'kanyumba kaja, n'kukhala pakhomo kudikira. Pali mawu amene wawasunga zaka zonsezi, ndipo akufuna kuwanena kwa munthu mmodzi yekha: tsamba lija silidaume, woloka udzaone.

Zovala zauma. Tiyeni, aliyense anyamule zake.