Foni ya Munthu Woona Mwezi

Kutatsala masiku anayi kuti Ramadhani ithe, Che Sumani Liwasa anafika kwa Shehe Twaibu Mkwanda titangotuluka mu swala ya Aswiri, pemphero la chakumadzulo. Ine ndimaphunzitsa ana m'madrasa ya pamzikiti womwewo, kufupi ndi pa Ntaja, ndipo ndinali pakhondepo. Che Sumani amagulitsa mafoni ku Liwonde. Ndi munthu wabwino ndithu, wopatsa, koma akayamba za mafoni amaiwala kuti ena nawo ali ndi pakamwa.

Anapereka salamu, anavula nsapato, nayala mafoni atatu pamkeka.

"Shehe, ndabwera ndi nkhani ya mwezi," anatero.

Nkhani yake inali iyi. Kuseri kwa mudzi wathu kuli phiri, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mkulu wina, Che Ndembo, ndiye amakwerako kukayang'ana mwezi watsopano wosonyeza kuti kusala kwatha. Kale ankatsika chothamanga kudzanena. Masiku ano amaimba ndi kafoni kake ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire isagwe. Akauona amauza Shehe, Shehe nkutumiza umboniwo kwa akuluakulu oona za mwezi. Che Ndembo alibe chuma, alibe mpando wina uliwonse pamzikiti. Ulemu wake wonse ndi ntchito imeneyi, ndipo Che Sumani ankafuna aipereke kwa ena.

"Ndikumvetsera, Che Sumani. Tiphunzitseni," anatero Shehe.

Che Sumani sanadikire kuuzidwa kawiri.

"Kafoni ka Che Ndembo ndi ka 2G, Shehe. Kamangonyamula mawu, mawunso ake oduladula. Iyi ndi ya 3G, imatumiza chithunzi koma mokwawa. Iyi ndiye 4G, chithunzi chimafika musanaphethire. Kampani ina imagulitsa mafoni ake omangidwa, oti laini ya ena salola. Inzake imagulitsa omasuka, olowa malaini awiri. Ine ndasankha womasukayu. Ndimpereka kwa achinyamata odziwa kujambula. Akauona mwezi aujambula, inu muuona ndi maso anu muli pompano. Che Ndembo akula, akapume."

Kunena zoona ine zinandikoma, moti ndinagwedeza mutu. Ndikuchita nazo manyazi mpaka lero.

Shehe anatenga foni yaikuluyo ndi manja awiri, naitembenuza mosamala.

"Masha Allah, chinthu chokongola. Zimene mwanenazi ine sindinkazidziwa, Allah akuonjezereni nzeru. Kodi muli nacho chithunzi cha mwezi m'menemu, ndione mmene chimaonekera?"

Che Sumani anasekerera. Anatsetsereza chala kawiri katatu, nkuonetsa mwezi woonda ngati chikhadabo, uli mbee pamwamba pa mitengo.

"Ha, koma ndiye ukuoneka! Ndi mwezi wa liti umenewu?"

"Ndikhulupirira ndi wa chaka chatha, Shehe. Kapena wa chaka cha dzana."

"Unaoneka kuti?"

Che Sumani anachiyandikitsa kumaso. Mitengo ija inali ya tende, zipatso za kumaiko a chipululu, ndipo kwathu kuno kulibe.

"Ananditumizira ndi mnzanga wa ku Joni."

"Anajambula ndi iyeyo?"

"Ayi, nayenso anachita kumutumizira."

"Basi mwezi wayenda umenewu," anatero Shehe, "kuposa ine ndi inu."

Ndinaseka, Che Sumani nayenso anaseka, ngakhale kuseka kwake kunali kwa munthu woponda paminga. Koma si munthu wogonja msanga.

"Komabe Shehe, chithunzi ndi chithunzi. Mawu a Che Ndembo pakafoni kaja mumawamva nkomwe?"

"Pang'ono zedi. Chaka chatha ndinangomva kuti, 'Shehe... ndau... wallahi,' laini nkuduka."

"Mwaona! Ndi zomwe ndikunenazo."

"Eya. Koma ndikuuzeninso za chaka china. Anthu anali atatopa ndi kusala, amayi atagula kale mpunga ndi nkhuku, ana atayesa zovala za Idi. Mudzi wonse unkafuna mwezi uoneke. Che Ndembo anatsika phiri nkunena kuti, 'Sindinauone.' Anthu anamunena kuti maso ake atha, ena anasiya kumupatsa moni. Iye sanasinthe mawu, ndipo tinasala tsiku la makumi atatu."

Che Sumani anapukuta galasi la foni ndi mkono wa kanzu, ngakhale linali loyera kale. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Ndiye kuti mafoni angawa alibe ntchito, Shehe?"

"Ali nayo, ndipo inuyo ndiye tikukufunani kwambiri. Mwatiuza za makampani awiri. Kodi netiweki ya iti imagwira bwino pamwamba pa phirilo?"

Apa katswiri wathu anakanda mutu. Anavomera kuti nsanja zonse za ku Liwonde amazidziwa, koma phiri la kwawo komwe anali asanakwerepo chibadwire.

"Mawa m'mawa, dzuwa lisanakwere poti mukusala, mupite kwa Che Ndembo mukawapemphe akuperekezeni. Mutenge malaini anu onse. Mukaime pamwala pamene iwo amaima, mukayese imodziimodzi. Imene ikagwire, muwaikire m'foni ya mabatani akuluakulu, ya batire yokhalitsa, yoti aigwiritse ntchito manja akunjenjemera. Apo ndiye pofunika nzeru zanu."

Che Sumani anayamba kulongedza mafoni ake. Atavala nsapato imodzi, anacheuka.

"Ndipita, Insha Allah. Koma ndikhululukireni, Shehe, ndifunse kamodzi kokha. Chithunzi cha 4G chitafika kuno choyera bwino, nthawi yomweyo Che Ndembo nkuimba kuti sanauone, inu mungatenge ziti?"

Shehe anamwetulira, namupatsira nsapato inayo.

"Che Sumani, inu mwayerekeza mafoni, ndipo mwayerekeza bwino. Ine ntchito yanga ndi kuyerekeza amene agwira foniyo. Chithunzi sindingachifunse kuti chinaima pati, sichilumbira, ndipo sichidzaima pamaso pa Allah kuyankha za kusala kwa anthu. Che Ndembo adzaima, ndipo amadziwa zimenezo nthawi iliyonse akamakwera phiri. Ingondithandizani kuti mawu awo azindifika onse."