Magazi Amene Ba Mulubwa Anabisa

Ba Mulubwa anali wopenta magalimoto pa galaja ina ku Kabwata, komanso mkulu wa mpingo amene mabanja ankathamangirako ukwati ukagwedezeka. M'mawa wina, asanapite kuntchito, anaona mkodzo wawo utafiira ngati madzi otsukira nyama. Panalibe chowawa chilichonse. Anagujumula madzi kawiri, natuluka nkhope ili gwa.

Chinawavutitsa si mantha a imfa ayi, koma manyazi. Ku galaja, munthu akakodza magazi anzake ankati watenga matenda kwa akazi a kumalo omwera mowa. Iwo sanapondepo kunja kwa banja, koma ndani akanawakhulupirira? Anagula makapisozi kwa wogulitsa m'mbali mwa msewu m'tauni. Magazi atasiya, anati achira.

Mvula inabwera n'kupita kawiri, magazi ankabwera n'kupitanso. Kenako m'nthiti mwa kumanja munayamba kulemera ngati mwaikidwa mwala.

Tsiku lina madzi atathawa m'mipopi, akazi awo, ba Lukonde, analowa m'chimbudzi ndi ndowa. Anatuluka n'kuitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo wamkazi, Emmy.

"Bashi Emmy, aya magazi ni ya ndani?"

"Ni likodzo cabe. Linanigwila nili mwana ku Luapula."

"Likodzo? Nanga mubisila cani? Kapena kuli mukazi wina?"

Ba Mulubwa anayang'ana pansi. Chimene anachithawa nthawi yonseyi chinawapeza m'nyumba mwawo momwe.

"Nalumbila, bana Emmy, kulibe."

"Ngati kulibe, valani nsapato. Tiyenda ku cipatala manje."

Ku chipatala chachikulu anawajambula m'mimba, n'kulowetsa kachubu ka kamera kudzera m'njira ya mkodzo. Pa tsiku lomva zotsatira, ba Lukonde anakhala atafinya chikwama pamiyendo. Dokotala, mayi wolankhula mosathamanga, anajambula impso papepala.

"Si matenda a chiwerewere," anatero. "Ndi khansa. Inamera pa kakhungu kam'kati mwa impso, pamene mkodzo umasonkhana usanatsike kupita m'chikhodzodzo. Fodya ndi mankhwala a penti zimatha kuiyambitsa. Mtundu uwu umakula pang'onopang'ono ndipo sufulumira kufalikira. Chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri ndi magazi osapweteka."

Ba Mulubwa anapuma mozama. "Ndiye ni yaing'ono, ba dokota?"

"Inali yaing'ono. Munaona liti magazi koyamba?"

Ba Lukonde anatembenuka kuyang'ana amuna awo.

"Emmy akalibe kukwatiwa," ba Mulubwa anayankha ndi mawu a pansi.

Pofika tsikulo, mwana wa Emmy anali atayamba kale kuyenda.

Dokotala anaika cholembera pansi. "Mukanabwera nthawi imeneyo, mwina tikanachotsa chotupa chokha, impso n'kutsala. Tsopano chatseka njira, mkodzo unabwerera m'mbuyo, impso yafa. Tiyenera kuichotsa pamodzi ndi mtsempha wake wa mkodzo. Chondidetsa nkhawa n'choti yotsalayo yafooka kale ndi BP."

Opaleshoni inatheka. Koma impso ya kumanzere inalephera kusenza yokha katundu wa awiri. Lero ba Mulubwa sapentanso magalimoto. Moyo wawo uli pa makina osefa magazi, ndipo ba Lukonde ndiwo amawakweza minibasi, kuwadikira pabenchi mpaka atatuluka. Sawakalipira. Kamodzi kokha, akuwavalitsa jekete pageti la chipatala, anati modandaula: "Sembe munaniuza cabe."

Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.