Dzina la Mwana wa Lufeyo

Kalekale, makina oonera ndege patali asanabwere, kunali mabwalo a ndege awiri oyandikana, lina kumtunda lina kudambo, phiri lili pakati. Oyang'anira pa nsanja za mabwalowa anali ndi pangano: usanalole ndege kunyamuka, yamba waimbira mnzako lamya.

M'mawa wina Lufeyo anakwera kandege ka odwala kumtunda ndi mkazi wake Malita, amene uchembere unali utamuvuta. Kudambo nako chindege chodzaza anthu chinali chitakonzeka. Oyang'anira awiriwo ananyamula lamya nthawi imodzi, aliyense n'kupeza kuti mnzake ali pa lamya kale. Aliyense anangoti mnzangayu wayamba macheza ake aja, ndimuuza akatha. Basi ndege zonse ziwiri zinanyamuka, kulunjika mpata umodzi wa phiri, muli mtambo bii.

Mayi Dziwenji, woyang'anira wa kumtunda, mtima unakana kukhala pansi. Anapotokola wailesi kusaka mawu a kudambo, n'kumva kuti chindege chija chili kale m'mwamba, njira yomweyo. Sanataye nthawi ndi kudziimba mlandu.

"A Yotamu, kwerani pamwamba. Musafunse."

Yotamu, woyendetsa kandege kaja, anali munthu wamakani, wotsutsa ngakhale wotchi yake yomwe. Koma tsikulo sanafunse. Anadzutsa mphuno ya kandege mpaka injini kulira momvetsa chisoni. Lufeyo anagwiritsitsa dzanja la Malita.

Gelesomu, woyendetsa chindege, nayenso anauzidwa ndi nsanja yake, imene inali itangozindikira ngoziyo, kuti akwere msanga. Pamene mtambo unang'ambika pang'ono, anaona kandege kakukwera patsogolo pake. Munthu amene chiyambire ntchito anali asanaphwanyepo lamulo anatsitsa chindege chake, nsonga za mitengo ya m'phiri zili pafupi. Lufeyo anaona msana wa chindegecho ukudutsa pansi pa zenera ngati denga la sitolo. Pomwepo analumbira kuti mwana akabadwa wamoyo, adzatenga dzina la amene wawapulumutsa.

Malita anachira, mwana wamwamuna. Mchombo utagwa, Lufeyo anayenda kwa onse atatu, mtima wodzala kuthokoza, koma onse anamubweza. Mayi Dziwenji anati iwo ndi amene analola kandege kunyamuka, dzina la chiyani? Yotamu anati anangomvera. Gelesomu anaseka, nati mwana wa eni asatengere kusamvera.

Kumudzi mkangano unabuka. Azakhali a mwana anati popanda khutu la Dziwenji palibe akanadziwa kanthu. Amalume ake anati mawu apawailesi sakweza ndege, amakweza ndi manja. Malita anakumbutsa kuti oyendetsa ndege onse awiri akanamvera, akanakumana pamwamba pomwepo.

Lufeyo ali ndi mwana mmodzi, lumbiro limodzi. Inu mukanakhala Lufeyo, khandali mukanalitcha Dziwenji, Yotamu kapena Gelesomu?