Munthu Amene Anamira Kuti Aone Nyambo Yake

Panali munthu wina amene ankagwira ntchito panyumba ya alendo pamwamba pa phiri. Ntchito yake inali kumanga nyambo zowedzera nsomba zotchedwa tirauti. Nsomba imeneyi imakonda kudumphira tizilombo totera pamadzi. Choncho iye ankatenga mbedza, ulusi ndi nthenga ya tambala, n'kumanga kachilombo kabodza koyandama.

Luso anali nalo, tisamunamizire. Pamsana pa nyambo iliyonse ankaikapo mapiko ofiira ndi kamzere konyezimira, moti alendo ankayamba azijambula asanaponye. Koma nsomba zinkangobwera, kuyang'ana, n'kubwerera. Mwezi wathunthu unatha popanda mlendo wogwirako ngakhale imodzi.

Mwini nyumbayo anamuitana. "Bambo, alendo sabwera kuno kudzaona nthenga. Zikakhala chonchi mpaka Loweruka, ndipeza wina."

Munthuyo anachita mantha, pakuti anali ndi ana asanu ndipo ntchito ina sankaidziwa. Anawonjezera mitundu, nsomba zinakana. Anamanga zikuluzikulu, zinakananso.

Lachinayi m'mawa, chisanu cha mu Juni chili pachimake, anapita padziwe limene alendo ankawedzapo. Anaika nyambo yake pamadzi, navula malaya, nalowa. Kuzizira kunamufika m'mafupa, koma anati, "Sindichoka pano ndisanaone chimene nsomba imaona." Anamira, natembenuka chagada, natsegula maso.

Mapiko ofiira aja sanaoneke n'komwe. Anangoona mfundo yonyansa ya ulusi imene ankaibisa kumimba kwa nyambo, ndi chithupi cholemera chitaboola madzi. Chapafupi panatera kachilombo kenikeni. Kanali kamthunzi chabe, timiyendo take tikungokhudza madzi.

Anatuluka mano akugundana. Asanaothe ndi moto womwe, anadula mapiko aja, namanga kanthu kotuwa, koonda, koima pansonga za nthenga. Alendo atakaona anaseka. Tsiku lomwelo kanagwira nsomba zinayi.

Tsono nkhaniyi ndikukambira inu aphunzitsi atsopanonu, pakuti mawa mukuyamba kuima pamaso pa ana. Ndikukudziwani ine: phunziro mudzalikongoletsa kuti ahedi ndi oyendera sukulu akuyamikireni. Koma mwana saliona mmene mumalionera inu. Akalephera kumva, musathamangire kumutcha mbuli. Chokani pabolodi, mukakhale pansi pomwe wakhala iyeyo, kumbuyo kwenikweni, mumve mmene mawu anu amafikira kumeneko. Mudzachita manyazi ndi zimene mukapeze. Pitanibe.