Bango la Pakati pa Dziwe

Pa dambo lina pankakhala Akakowa ndi Akhwangwala, ndipo mkangano wawo unali wa madzi. Makolo a Akakowa anazika mzere wa bango pakati pa dziwe, nalamula kuti a nthenga zoyera azimwa kumtunda, pa kasupe. A nthenga zakuda ankamwa kumunsi, kumene ng'ombe zimapondaponda ndi kukodzera. Khwangwala akaloza choyera cha pachifuwa pake, Kakowa ankangoseka. "Chimenecho n'chobwereka, akulu. Bwererani kwanu."

Nantchengwa ndiye ankaphunzitsa ana a mbali zonse ziwiri pansi pa mkuyu. Iye anali wofiirira, choncho ankamwa pamalire penipeni mwakachetechete. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mawu okonzedwa bwino angathe kuzula bango, ngakhale kuti pasukulu pake pomwe panali bango logoneka pansi, lolekanitsa anawo.

Tsiku lina m'chilimwe anawawerengera nthano ya nsomba ziwiri zimene zinakanganirana thamanda, n'kufera limodzi litauma. Atamaliza anafunsa, "Mwamvapo chiyani?"

Kenako Tinyade, mwana wa Khwangwala, anakweza phiko.

"Aphunzitsi, nsombazo zinaliko bwino, zinkamwa madzi amodzi. Mng'ono wanga akutsekula m'mimba chifukwa cha matope aja."

"Lemba zimenezo, tikapite nazo kubwalo la akuluakulu," anatero Nantchengwa. "Yamba ndi zimene waona ndi maso ako. Kenako upereke chifukwa. Pempho libwere pomaliza, ndipo usanyoze aliyense."

Tinyade analemba pa tsamba la nthochi, nafufuta, nalembanso. Nantchengwa ataliwerenga anayang'ana kumbali kuti ana asaone misozi yake. Mumtima anati, bango lija lazuka basi.

Koma mwambo wa pabwalo unali wakuti wa nthenga zakuda salankhulapo. Mawu ake amamunyamulira woyera. Chikaiko, mwana wamantha wa Kakowa, anavomera kukamuwerengera Tinyade tsamba lija. Tsiku la bwalolo Tinyade anaima kuseri kwa bango, mlomo wake ukutsatira mawu ake omwe popanda kutulutsa liwu.

Chikaiko anawerenga za kamwana kodwala kamene kamalota kakumwa madzi oti n'kudzionerapo nkhope. "Ng'ombe zimene zimadetsa madzi athu ndi zomwe inu mumakwera pamsana," anapitiriza. "Kenako mumati ife timanunkha. Chonde, bango lizulidwe mng'ono wanga akadali moyo."

Bwalo lonse linalira. Mkulu wa Akakowa anapukuta m'maso ndi phiko. "Abale inu, mawu okoma chonchi sindinawamvepo! Aphunzitsi, mwagwira ntchito. Tsambali tilisunge, liziwerengedwa chaka chilichonse."

"Nanga bango, bambo?" Nantchengwa anafunsa motsitsa mawu.

"Bango? Aa, limenelo tinalipeza. Komanso chaka chino kasupe wachepa. Tidzaona mvula ikagwa."

Atatero, Akakowa onse anapita kukasukusula nkhope zawo za misozi pa kasupe paja.

Mvula isanagwe, mng'ono wa Tinyade anamwalira. Pamaliro sipanaoneke nthenga yoyera ndi imodzi yomwe. Maliro atatha, Tinyade anabwera pansi pa mkuyu, koma sanakhale pamalo pake.

"Aphunzitsi, ndinalakwitsa pati? Pachiyambi, kapena pa chifukwa paja?"

Nantchengwa anapukusa mutu. "Sunalakwitse paliponse, mwanangu."

"Ndiye ndizilemberanji?"

Tinyade anauluka, ndipo madzulo ake Akhwangwala anasamuka padambopo ndi ana awo onse.

M'mawa mwake Chikaiko anafika msanga. Anatola bango logoneka pansi lija ndi mlomo wake, nakalitaya kuthengo, n'kubwerera akupuma wefuwefu. "Aphunzitsi, ndalichotsa!"

Nantchengwa anayang'ana mbali imene ankakhala ana a Akhwangwala. Panali masamba ouma okhaokha.

Phunziro: Misozi ya womvera siithetsa ludzu la wodandaula. Ukamva kulira kwa woponderezedwa, usangoyamikira kukoma kwa mawu ake. Zula bango iye akadalipo.